Mlandu wa Namasamba, Kanjoka Kobiriwira Kopanda Ululu

Mvula yoyamba ikagwa, nthaka n'kutulutsa fungo lake lija, mitengo ya mango n'kuwerama ndi zipatso, achule nawo n'kuyamba kusokosa usiku wonse m'madambo, pamakhala mfuu imodzi imene imamveka pafupifupi m'mudzi uliwonse kuno kwathu, ndiyo mfuu ya mwana amene wakweza maso kudenga la khitchini kapena m'nthambi za mgwafa, naona kanthu kobiriwira, kowonda ngati luzi, kakuyenda mwakachetechete. Mwanayo akangoti "Njoka!", amayi amasiya mphika pamoto, anyamata amathamangira miyala, ndipo bambo wa pakhomopo amatulukira ndi nsungwi yaitali, pasanapite nthawi kanyama kaja kali gone pabwalo, mutu utaphwanyika, mchira ukugwedezekabe pang'ono. Pamenepo wina mwa oimirirawo amagamula ndi mawu amphamvu kuti inali mbobo, ndi kuti lero Mulungu wapulumutsa banjali. Onse amavomera, amakataya mtembowo kudzala, ndipo nkhani imathera pompo.

Makolo athu, pozenga mlandu pabwalo la mfumu, sankalola kuti munthu aweruzidwe asanamvedwe, ngakhale atakhala mlendo wopanda mbale m'mudzimo. Nyakwawa zinkafunsa mboni, nkhoswe inkalankhulira wake, ndipo chigamulo chinkadza pambuyo pa zonsezo. Koma kanjoka aka timakapha tisanakafunse, chifukwa cha mlandu umene kawirikawiri suli wake, pakuti mwa njoka zobiriwira zimene zimapezeka pafupi ndi nyumba za anthu, zochuluka zilibe ululu ngakhale pang'ono. N'chifukwa chake ndafuna kuti ndikaimirire ngati nkhoswe, ndifotokoze kuti ndi kanyama kotani, kamakhala kuti, kamadya chiyani, kamabereka motani, ndiponso chimene chimachititsa kuti kafere zolakwa za njoka zina. Sindibisa mbali ya mlanduwu imene ili yolemera, pakuti mantha a anthu pa njoka zobiriwira ali ndi maziko ake enieni, ndipo nkhoswe yonama imapweteketsa mudzi.

Ambiri amakatcha namasamba, dzina loyenera ndithu, popeza moyo wake wonse uli m'masamba ndipo mtundu wake ndi wa masamba omwewo. Akatswiri a zamoyo amakaika m'fuko la njoka lotchedwa Philothamnus, mawu a Chigiriki otanthauza wokonda zitsamba, ndipo n'chinthu chokondweretsa kuona kuti anthu a zilankhulo ziwiri zotalikirana chotere, poyang'ana kanyama kamodzi, adafika pa ganizo limodzi. Dzina la Chigirikilo adapereka ndi Andrew Smith, dokotala wa asilikali wochokera ku Scotland, amene adakhala zaka zambiri kumwera kwa Africa akusonkhanitsa ndi kulemba za nyama za kumeneko. Fukoli lili ndi mitundu yoposa 20, yonse ya mu Africa muno kumwera kwa chipululu cha Sahara. Za njoka za dziko lathu lino adalembapo Arthur Loveridge, amene adayendera Nyasaland m'zaka za 1948 ndi 1949 akusonkhanitsira nyumba yosungira zamoyo ya ku Harvard, ndiponso Charles Sweeney, amene buku lake lofotokoza njoka za Nyasaland lidatuluka m'chaka cha 1961.

Mwa mitundu imeneyi, itatu ndiyo iyenera kutchulidwa pano. Woyamba ndi Philothamnus semivariegatus, umene Smith adaufotokoza m'chaka cha 1840. Uwu ndi wamawangamawanga akuda kuyambira pakhosi kufika chapakati pa thupi, kutalika kwake nthawi zambiri kumakhala pakati pa masentimita 60 ndi mita imodzi, ngakhale ina imafika mita imodzi ndi masentimita 30, ndipo ndiwo umalowa m'nyumba ndi m'nkhokwe. Wachiwiri ndi Philothamnus hoplogaster, umene Albert Günther wa ku British Museum adaulemba m'chaka cha 1863. Uwu ndi waufupi, wa masentimita ngati 60, wobiriwira thupi lonse, ndipo sufuna kutalikirana ndi madzi, kotero kuti alimi a m'madimba ndi amayi ochapa kumtsinje ndiwo amakumana nawo kawirikawiri. Wachitatu ndi Philothamnus angolensis, wokonda mabango ndi mitengo ya m'mphepete mwa mitsinje ndi nyanja. Yonse itatuyi ndi yowonda, yosaposa chala cha munthu wamkulu m'kunenepa kwake, ya mchira wautali wothera ngati ulusi, ndipo palibe ndi umodzi womwe umene uli ndi mano a ululu.

Munthu amene adaonapo namasamba wamawanga akukwera thunthu la mtengo molunjika, kapena chipupa cha njerwa zosapaka, amadabwa kuti cholengedwa chopanda manja ndi miyendo chingathe bwanji kuchita zimene ngakhale mwana wodziwa kukwera sangachite. Chinsinsi chake chili kumimba. Mamba a kumimba kwa njoka ndi aakulu, opingasa, osanjikizana ngati udzu wofolera. Koma pa mtundu uwu, mamba amenewa ali ndi kamzere kotukuka mbali iyi ndi mbali inayo, kuyambira kukhosi mpaka kumchira, kotero kuti mimba yake ili ndi mphepete ziwiri zakuthwa pang'ono, zimene zimakola pa khungwa la mtengo ndi pa timabowo ta njerwa. Kuwonjezera apo thupi lake ndi lopepuka, moti kanthambi kamene kangathyoke ndi njiwa kamanyamula iye bwinobwino, ndipo amatha kutambasula gawo lalikulu la thupi m'malere, mchira utakulunga nthambi ya kumbuyo, kufikira mutu utagwira nthambi ya kutsogolo. Mbale wake wa kumadzi uja alibe mphepete zakuthwazo, pakuti ntchito yake yaikulu ndi kusambira ndi kudutsa m'udzu wa m'dambo, ndipo pamadzi amayenda mutu uli m'mwamba, mwaliwiro lodabwitsa.

Maso ake ndi aakulu poyerekeza ndi mutu, mboni yake ndi yozungulira, ndipo pa mtundu wamawanga mboniyo yazingidwa ndi mkombero wonga golide. Maso otere ndi a nyama yosaka masana, yodalira kuona. N'chifukwa chake namasamba akamasaka amaimika mutu, nthawi zina n'kumaugwedeza pang'onopang'ono uku ndi uku monga tsamba logwedezeka ndi kamphepo. Zikope alibe, monga njoka zonse, koma diso lililonse laphimbidwa ndi kachikopa koonekera ngati galasi, ndipo ndicho chifukwa chake njoka siphethira, chinthu chimene anthu amachiyesa ukali pamene chili chibadwa chabe. Lilime lake la mphanda, limene pa mtundu wamawanga limakhala la buluu ndi nsonga zakuda, ambiri amaliopa poganiza kuti ndilo limaluma. Koma lilimelo ndi lofewa, silibaya kanthu, ndipo ntchito yake ndi kutola fungo mumpweya ndi pamasamba n'kulipereka ku tizibowo tiwiri tokhala kumwamba kwa m'kamwa, kumene fungolo limazindikiridwa. Makutu akunja alibe, komabe kugwedezeka kwa nthaka kapena kwa nthambi kumam'fikira kudzera m'mafupa a nsagwada, kotero kuti mapazi a munthu amawamva munthuyo asanam'one.

Tsopano za mtundu wake, umene uli ulemerero wake ndiponso tsoka lake. M'Chichewa timati msipu wabiriwira, timatinso thambo labiriwira, ndipo liwu limodzi limatikwanira pa mitundu iwiri imene zilankhulo zina zimailekanitsa. Khungu la njokayi likuonetsa kuti pamenepa chilankhulo chathu sichidasokere kwenikweni. Kubiriwira kwake kumachokera ku zinthu ziwiri zosanjikizana: pansi pali timagawo tosaoneka ndi maso timene timabweza kuwala kwa mtundu wa thambo, ndipo pamwamba pake pali utoto wachikasu; kuwala kwa buluu kukadutsa m'chikasumo, diso la munthu limaona kubiriwira kwa tsamba lanthete. Njokayo ikafa, utoto wachikasu uja umawonongeka msanga, ndipo mtembo umasanduka wa buluu kapena wakuda. Ndiye chifukwa chake njoka zobiriwira zosungidwa m'mabotolo m'nyumba zophunzirira zamoyo zimaoneka za mtundu wa thambo. Zomwezi zimachitikanso pa kanjoka kobiriwira ka ku North America kotchedwa Opheodrys vernalis, kamene sikali ka fuko limodzi ndi kathu ndipo kamadya ziwala, mbozi ndi akangaude, koma kadavala chovala chofanana chifukwa nako kamakhala m'udzu. Chovala chimenechi ntchito yake ndi kubisa, ndipo amene wapha namasamba kuti amuonetsetse bwino amataya kukongola kumene ankafuna kuona.

Popeza thupi la njoka silipanga kutentha kwakekwake monga la munthu kapena la nkhuku, tsiku la namasamba limayamba ndi kuwothera dzuwa. M'mawa amadzitambasula pamwamba pa chitsamba kapena pa bango lopendekeka kufikira thupi litafunda, kenaka n'kuyamba kusaka. Dzuwa likafika paliwombo amabisala pamthunzi, ndipo usiku amagona atadzipinda pa nsonga za nthambi, m'phanga la mtengo, kuseri kwa khungwa lomatuka, kapena pakati pa phaso ndi udzu wa denga. M'miyezi ya chisanu, Juni ndi Julayi, saonekaoneka, chifukwa kuzizira kumam'fooketsa ndipo chakudya chimachepa. Koma kukayamba kutentha ndi kugwa mvula amatuluka, ndipo imeneyo ndiyo nyengo imene mfuu ija imachuluka m'midzi. Pamene akukula amafundula khungu kangapo pachaka. Masiku ofundula akayandikira, mtundu wake umazimirira, maso amachita chifunga, ndipo amakhala wofatsa pobisala kufikira atakhuza mphuno pa chinthu chokhakhala n'kuvula khungu lonse motembenuza, monga munthu avula sokosi. Khungu lopepuka lija limene ana amalipeza litakola pa mpanda kapena pa denga ndi umboni chabe wakuti njokayo yakula.

Chakudya chake chili cha mitundu iwiri ikuluikulu. Wa kumadzi amadya makamaka tiachule ta m'mabango, tija timalira ngati mabelu ang'onoang'ono usiku wa dzinja, pamodzi ndi tinsomba ndi abuluzi ang'onoang'ono; wamawanga amakonda analimata, abuluzi, achule a m'mitengo, ndipo nthawi zina ana a bilimankhwe. Pakuti alibe ululu wopha nawo, ndiponso sakulunga nyama monga ichitira nsato, luso lake lonse lili pa kudekha ndi pa changu: amayandikira pang'onopang'ono, kuima, kuyandikiranso, ndipo akafika pafupi amalumpha kamodzi n'kugwira ndi timano take tating'ono topindikira m'kati, kenaka n'kumeza nyamayo yamoyo, nsagwada ya kumanja ndi ya kumanzere zikusinthana kukoka. Kulira komvetsa chisoni kwa chule kumene kumamveka masana m'dimba nthawi zambiri kumakhala kwa chule wogwidwa motero. Apa ndiye pali yankho la funso limene amayi ambiri amafunsa, lakuti njokayi imafunanji m'nyumba mwa anthu. Imatsata nalimata, amene naye amatsata tizilombo tosonkhana pa nyali ndi m'denga. Munthu mwini nyumbayo sali m'maganizo ake konse.

Sindinena kuti namasamba amateteza chimanga cha m'nkhokwe, pakuti makoswe ndi aakulu kwa iye, ndipo ntchito imeneyo ndi ya njoka zina, monga chakusa wa m'nyumba, amenenso timamupha mosayamika. Phindu la namasamba ndi la mtundu wina, losaonekera msanga. Iye ali pakati pa unyolo wa zamoyo: amachepetsa achule ndi abuluzi kuti asachuluke mopitirira, ndipo iye mwini ndi chakudya cha mbalame ndi nyama zina. Kupezeka kwake pamalo ndi chizindikiro chakuti pamenepo pakadali madzi, pakadali mitengo, ndipo achule sadathe ndi mankhwala opopera m'minda. Koma ngakhale pakadapanda phindu lililonse loti n'kuliwerenga, funso likadakhalapobe, lakuti kodi cholengedwa chosalakwa chiyenera kuyamba chatipindulira kuti tichilole kukhala ndi moyo.

Kubereka kwake kumayendera limodzi ndi mvula. Yaikazi imaikira mazira m'nyengo yotentha ya dzinja. Ya mawanga imaikira mazira atatu kufikira 12, pamene ya kumadzi imaikira atatu kufikira asanu ndi atatu. Mazirawo ndi oyera, ataliatali, a masentimita atatu kapena anayi, ndipo chigoba chake ndi chofewa ngati chikopa, chosasweka monga cha dzira la nkhuku. Amaikiridwa pamalo ofunda ndi achinyezi, monga m'masamba owola, m'phanga la mtengo, kapena pansi pa mulu wa zinyalala za m'munda, ndipo pa mtundu wa m'mabango zimachitika kuti zazikazi zingapo zimaikira pamalo amodzi, kotero kuti munthu wofukula mulu wotere amapeza mazira ochuluka zedi n'kuyesa kuti ndi a chinjoka chimodzi choopsa. Mayi sakhalira mazirawo ndipo saona ana ake. Kutentha kwa masamba owolawo ndiko kumafungatira. Pakapita miyezi iwiri kapena kupitirira pang'ono, kamwana kalikonse kamang'amba chigoba ndi kadzino kapadera ka pamphuno, kamene kamagwa pambuyo pake, ndipo kamatuluka kali kotalika masentimita ngati 25 pa mtundu wamawanga, kofanana ndi make m'zonse, kodziwa kale kukwera ndi kusaka popanda wokaphunzitsa.

Mwa ana amenewa, ofika pa ukulu ndi owerengeka, pakuti adani ake ndi ambiri: akabawi ndi ziwombankhanga kumwamba, nang'omba ndi nyenga pansi, amphaka ndi nkhuku pakhomo, ndiponso njoka zinzake monga nalikukuti. Chida chake choyamba ndi kusaoneka, chachiwiri ndi liwiro, pakuti akadzidzimutsidwa amathawira m'mwamba mwa mtengo kapena m'madzi m'kuphethira kwa diso. Koma akapanikizidwa pakona, wopanda kothawira, wamawanga uja amafufumitsa khosi, ndipo pakati pa mamba pamaonekera khungu la buluu wowala. Amatha kuyasamula ndi kujompha, ndipo akagwidwa ndi dzanja amaluma ndithu. Kuluma kwakeko kumasiya timabala tonga tokandidwa ndi minga, totuluka magazi pang'ono, tofunika kungotsukidwa ndi madzi ndi sopo. Tsoka lake n'lakuti kufufuma kwa khosi kumene iye amaopsezera nako adani ndiko kumatsimikizira anthu kuti aona njoka yakupha, ndipo chimene chikadam'pulumutsa kwa nyenga chimam'phetsa kwa munthu.

Tafika tsopano pa mbali yolemera ya mlandu. Dzina lakuti mbobo, m'kamwa mwa anthu ambiri, limagwera njoka iliyonse yobiriwira ya mumtengo imene akuiopa, ndipo pansi pa dzinali pali njoka ziwiri zoopsadi. Yoyamba ndi Dispholidus typus, imene m'chilankhulo cha Afrikaans amati boomslang, ndiko kuti njoka ya mumtengo. Yamphongo nthawi zambiri imakhala yobiriwira, yaikazi yotuwa kapena yofiirira. Mano ake a ululu ali chakumbuyo kwa kamwa, ndipo ululuwo umaletsa magazi kuundana, kotero kuti wolumidwa amatha kukhala maola ambiri akudzimva bwino, kenaka n'kuyamba kutuluka magazi m'nkhama, m'mphuno ndi m'kati mwa thupi. M'mwezi wa Seputembala 1957, katswiri wotchuka wa njoka Karl Schmidt, wa ku Field Museum mumzinda wa Chicago, adalumidwa pachala ndi kamwana ka njoka imeneyi kamene adam'bweretsera kuti akazindikire; iye adayesa kuti njoka yaing'ono chotero singaphe munthu, adalemba m'kabuku kake zonse zimene ankamva m'thupi, ndipo tsiku lotsatira adamwalira. Ngati munthu amene adathera moyo wake wonse pa njoka adalakwitsa chotero, ife tiyenera kudzichepetsa koposa.

Yachiwiri ndi Dendroaspis angusticeps, mbale wake wa songo, yobiriwira thupi lonse, yokhala m'nkhalango zowirira za m'madera ofunda ndi achinyezi, kuyambira m'mbali mwa nyanja ya mchere ku Kenya kutsikira ku South Africa, ndiponso m'nkhalango zina za kumtunda kuno. Imakula kufika mamita awiri kapena kupitirira, mano ake a ululu ali kutsogolo, ndipo ululu wake umafooketsa mitsempha kufikira munthu atalephera kupuma. Njoka ziwirizi ndi zamanyazi ndipo zimathawa munthu zikapeza mpata, komabe zikaluma, imfa ili pafupi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, limene m'chaka cha 2017 lidaika kulumidwa ndi njoka m'gulu la matenda onyalanyazidwa a m'maiko otentha, limawerengera kuti chaka chilichonse anthu a pakati pa 81,000 ndi 138,000 amafa ndi njoka pa dziko lapansi, ambiri mwa iwo alimi ndi ana a m'midzi yotalikirana ndi zipatala. Choncho mayi amene amanjenjemera poona njoka yobiriwira pamwamba pa mphasa ya mwana wake sali wopusa. Mantha ake adabadwa ndi maliro enieni.

Nanga zingasiyanitsidwe bwanji? Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mawu amenewa akugwira ntchito pano kuposa pena paliponse. Namasamba ndi wowonda ngati chala kapena kucheperapo, mutu wake ndi waung'ono, wosongoka pang'ono, mamba a pamsana ndi osalala ndi onyezimira, ndipo mawanga akuda a kutsogolo kwa thupi, pamene alipo, ndi chizindikiro chothandiza. Boomslang ali ndi mutu waufupi wobulungira ngati dzira, maso aakulu kopambana, ndi mamba a pamsana okhakhala, osanyezimira. Ana ake sakhala obiriwira thupi, koma otuwa, a maso obiriwira ngati mwala wa mtengo wapatali. Mbale wa songo uja ali ndi mutu wautali wa mbali zowongoka, thupi lonenepa ndi lalitali kuposa la namasamba aliyense. Komabe ndichenjeze mwamphamvu kuti zizindikiro zimenezi ndi zothandiza diso, osati zopatsa dzanja chilolezo. Ana a mbale wa songo amabadwa obiriwira, aafupi ngati namasamba, ali ndi ululu wawo kale; boomslang naye amafufumitsa khosi; ndipo m'mdima wa m'denga, mtima ukugunda, ngakhale wodziwa amasokonezeka. Kudziwa kumeneku kutichotsere chidani, koma kusatichotsere kusamala.

Tsono munthu achite chiyani akaona njoka yobiriwira? Yankho ndi limodzi, kaya njokayo ndi yaululu kaya ndi yopanda ululu, ndipo m'menemo muli chitonthozo, pakuti sitikakamizidwa kuzindikira mtundu wake tisanadziteteze. Aime patali mapazi angapo, achotse ana ndi ziweto, atsegule chitseko ndi mawindo, asiye njira yotulukira, ndipo njokayo, imene ikuopa kuposa iye, idzachoka yokha. Ikakhala mumtengo kapena kudimba, aileke, pakuti kumeneko ndi kwawo. Pali mawu akuti kupha njoka n'kudula mutu, ndipo pa nkhani za milandu ndi mavuto a m'banja mawuwa ndi anzeru. Koma pa njoka yeniyeni, amene wafika pafupi moti n'kuidula mutu wafikanso pafupi moti n'kulumidwa, ndipo anthu ambiri amalumidwa pamene akuyesa kupha kapena kugwira njoka imene ikadangodutsa. Kusesa pakhomo, kudula nthambi zokhudza denga, kutseka ming'alu ya zipupa, kugona m'neti yopindiridwa bwino pansi pa mphasa, ndi kuyenda ndi tochi usiku, zimateteza banja kuposa nsungwi.

Ngati wina walumidwa ndi njoka yobiriwira, pasakhale kutsutsana pabwalo kuti inali namasamba kapena mbobo, pakuti safunsa adadya phula, ndipo wofunsidwa woyenera pamenepa ndi wa chipatala. Wolumidwayo akhazikitsidwe mtima pansi, asathamange, avulidwe mphete ndi zibangili, chiwalo cholumidwacho chisagwedezedwe, ndipo anyamulidwe msanga kupita kuchipatala ngakhale akunena kuti sakumva kuwawa, pokumbukira kuti ululu wa boomslang umachedwa kudzionetsa. Pabalapo pasatemedwe mphini, pasayamwidwe, ndipo chiwalo chisamangidwe ndi chingwe mothina, chifukwa zimenezi zimawononga mnofu osachotsa ululu. Ngati pali lamya yojambula ndipo njokayo ikuoneka patali, chithunzi chingathandize madokotala; koma nthawi isatayike ndi kuisakasaka.

Tisaganize kuti kuchitira chifundo njoka ndi nzeru yachilendo yobwera ndi mabuku. Makolo athu ankasiyanitsa njoka ndi njoka, ndipo kuchuluka kwa maina amene adatisiyira, mphiri, songo, nsato, nalikukuti, kasambwe, nthongo, chakusa, namasamba, ndi umboni wa anthu amene ankayang'anitsitsa asanakweze ndodo. Pa kachisi wa mvula wa ku Msinja, kumene kunkakhala Makewana, njoka yotchedwa Thunga inkalemekezedwa. Ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, mzimu wa Mbona umanenedwa kuti umadza m'maonekedwe a nsato. Ena amati Malembo Oyera adatemberera njoka, n'chifukwa chake iliyonse iyenera kufa; koma Malembo omwewo amawerengera zokwawa pakati pa zolengedwa zimene Mlengi adaziona kuti n'zabwino, amazilowetsa m'chingalawa cha Nowa pamodzi ndi nyama zina, ndipo amasimba za njoka ya mkuwa imene Mose adaikweza m'chipululu kuti olumidwa ayang'ane ndi kuchira. Munthu adapatsidwa udindo wosunga munda, ndipo wosunga munda wabwino amadziwa zokhalamo ndi maina awo.

Lero mabango a m'mitsinje akudulidwa, madambo akulimidwa mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi, moto wolusa umapsereza tchire chaka ndi chaka, ndipo mitengo imene inkazinga midzi yasanduka makala. Namasamba akadalipo wochuluka, pakuti ndi wopirira ndipo amatha kukhala m'mipanda ya maluwa ya ku Lilongwe ndi ku Blantyre monga momwe amakhalira m'nkhalango. Koma pamene malo ake akuchepa, kukumana kwake ndi ife kukuchuluka, ndipo kukumana kulikonse kumathera pa chigamulo cha munthu. Mwana uja amene adafuula poyamba ndiye ayenera kuphunzitsidwa, pakuti mawa ndiye adzakhala mwini nsungwi. Aitane akuluakulu monga kale, pakuti kutero n'koyenera. Koma wamkulu akafika, amugwire dzanja, abwerere naye m'mbuyo mapazi angapo, amuonetse mawanga a pakhosi, mkombero wa golide wa m'diso, ndi mmene kanyamako kakwerera chipupa popanda phazi, ndipo aimirire pamodzi kufikira katatulukira pa mpata wa denga n'kulowa m'masamba a mgwafa, kumene ngakhale diso lakuthwa silingakapezenso.